Madzi, mafuta ndi pepala: m'mene buku limabadwira

Ukalowa m'nyumba yosindikiziramo mabuku, limayamba kukulonjera ndi fungo la inki, kenako phokoso la makina omwe akumeza mapepala akuluakulu limodzilimodzi. Kumapeto kwa makinawo kwaima mmisiri, kagalasi kokulitsa zinthu kali m'manja. Pakapita kanthawi amasolola pepala limodzi n'kuliyang'anitsitsa ngati mayi wosankha mpunga.

Chomwe akufufuza ndi timadontho. Chithunzi chilichonse chamitundumitundu cha m'magazini chimapangidwa ndi timadontho ta inki ya mitundu inayi yokha: yabuluu, yofiirira, yachikasu ndi yakuda. Mtundu uliwonse uli ndi puleti yake, ndipo pepala limalandira mitunduyo motsatizana. Puleti imodzi ikangosendera pang'ono, nkhope ya munthu imaoneka ngati ili ndi chithunzithunzi pambali. Pantchitoyi, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira imeneyi imatchedwa offset, ndipo chinsinsi chake amachidziwa aliyense wotsuka mbale: madzi ndi mafuta sizigwirizana. Alois Senefelder wa ku Munich ndiye anayamba kusindikiza motsatira nzeruyi mu 1796, pogwiritsa ntchito mwala wosalala. Lero m'malo mwa mwala pali puleti yopyapyala ya aluminiyamu. Pomwe pali zilembo pamakana madzi n'kugwira inki, yomwe ndi yamafuta. Pomwe palibe kanthu pamanyowa, inki n'kulephera kumata. Puletiyo sikhudza pepala. Imapatsira inki pa labala wokulungidwa pa chigubu chozungulira, labalayo ndiye amadinda.

Kale ntchitoyi inali ya zala. Johannes Gutenberg atasindikiza Baibulo ku Mainz cha m'ma 1455, chilembo chilichonse chinali kachitsulo kakekake, koyalidwa chotembenuza. Amisiri oyamba a pa mishoni za Blantyre ndi Livingstonia ankayalanso zilembo chimodzichimodzi, ndipo akamaliza ankazibwezera m'timabokosi take. Mu 1886 makina a Linotype, opangidwa ndi Ottmar Mergenthaler, anayamba kuumba mzere wonse nthawi imodzi ndi mtovu wosungunula. Masiku ano tsamba limachoka pa kompyuta n'kukalembedwa pa puleti ndi kuwala kwa leza.

Pepala likatuluka m'makina silioneka ngati buku. Limakhala ndi masamba 16, asanu ndi atatu mbali iliyonse, ena ali chadodolido. Tsamba 1 limagona pafupi ndi tsamba 16. Ukalipinda katatu, masamba onse amagwera m'malo mwake. Magazini yopyapyala amailumikiza ndi timawaya tiwiri pamsana, n'chifukwa chake masamba ake amayenda anayianayi. Buku lonenepa amalimata ndi guluu kapena kulisoka ndi ulusi, ndipo losokalo ndi lomwe limapirira m'manja mwa ana asukulu. Pomaliza mpeni waukulu umadula mbali zitatu, buku n'kutseguka.

Apa ndiye pagona nkhani ya mtengo. Buku la masamba 160 lamitundumitundu limafuna mapepala aakulu 10, ndipo lililonse limadya mapuleti asanu ndi atatu. Onse pamodzi ndi mapuleti 80. Kaya mukufuna mabuku 300 kaya 10,000, mapuletiwo ndi omwewo, ndipo mapepala oonongeka pokonza makina nawonso ndi omwewo. Wosindikiza ochepa amasenza ndalama zonsezo pa mabuku ochepawo. Onjezerani kuti mapepala, inki ndi mapuleti m'Malawi muno n'zoitanitsa kunja, ndipo mumvetsa chifukwa chake buku la Chichewa, lomwe ogula ake samakhala ambiri nthawi imodzi, limavuta kutuluka.

Makina a dijito atsegula khomo lina. Iwo safuna puleti, amasindikiza kuchokera pa kompyuta mwachindunji. Mtengo wa buku limodzi sutsika kwenikweni ngakhale muchulukitse, kotero mabuku zikwizikwi a sukulu akadali ntchito ya offset. Koma mphunzitsi amene wasunga nthano za agogo ake m'kope kwa zaka zambiri angathe kusindikizitsa mabuku 50, kuwagulitsa ku tchalitchi ndi kusukulu, n'kubwerera kukatenga ena 50. Nthano zomwe zikadadyedwa ndi chiswe m'sutikesi zikhoza kufika m'manja mwa mwana ndi fungo la inki lidakalipo.