Mtengo wa Timapepala Tokopera Alendo

Inu eni mabwato ndi osema ziboliboli a ku Makokola, lolani ndikufotokozereni momwe osindikiza a ku Balaka kapena ku Blantyre amawerengera mtengo wa timapepala tokopera alendo. Poyamba pali ndalama zosasintha, za wokonza zithunzi ndi za mapuleti anayi osindikizira, a inki yabuluu, yofiira, yachikasu ndi yakuda, zimene mudzalipira ndithu ngakhale mutafuna timapepala 100 tokha. Pambuyo pake pali pepala lonyezimira, lochokera kunja, limene lidakwera mtengo kwacha itagwa mu Novembala 2023, ndiponso kupinda ndi thiransipoti yofikitsira kunyanja. Chotero mukachulukitsa chiwerengero, kapepala kalikonse kamatsika mtengo, popeza ndalama zosasintha zija zimagawika pa timapepala tambiri. Mutu umodzi susenza denga. Gwirizanani, abale anga, musindikize pamodzi.