Thanzi Nalo ndi Kamba wa pa Ulendo wa Hajj

Msilamu wa ku Mchinji akagulitsa mtedza ndi soya zaka zingapo n'kukwanitsa ndalama ya Hajj, ambirife timati zonse zatheka. Komatu istitaa, kuthekera kumene kumapangitsa Hajj kukhala faradhi pa munthu, ma ulama saiwerengera m'thumba mokha. Amaikamonso chitetezo cha panjira ndi mphamvu za thupi.

Pa Hajj ya 1987 panabuka matenda oumitsa khosi, ndipo mahaji anakawafalitsa kwawo pobwerera. Mu 2000 ndi 2001 anabukanso, ulendo uno a mtundu wa W135. N'chifukwa chake boma la Saudi Arabia limafuna kuti haji aliyense abayitse katemera wa ACWY. Abayidwe masiku osachepera 10 asanafike, pakuti thupi limatenga nthawi kuti lipange chitetezo. Wobayitsa mawa lake akukwera ndege pa Kamuzu International Airport wangopezapo pepala chabe.

Yellow fever kuno kulibe, koma ndege zathu zimadzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi, m'maiko amene matendawa amapezeka. Mukakhalitsa pabwalo la ndege kupitirira maola 12, akhoza kukufunsani khadi lachikasu lija. Chiyambire 2016, katemera mmodzi amakwanira moyo wonse.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa akuluakulu odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, poti ambiri a ife timapeza ndalama ya Hajj imvi zitamera kale. Mu 2024 anthu oposa 1,300 anamwalira pa Hajj, ambiri chifukwa cha kutentha. Wodwala apite ku chipatala cha boma pa Mchinji kukadali miyezi iwiri, akanene poyera za ulendowo, apimidwe, atenge mankhwala okwanira masiku onse ndi ena apadera, komanso kalata ya dokotala yotchula maina ake. Mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja, chifukwa masutikesi amasochera. Insulin imaonongeka ndi dzuwa la ku Arafat.

Nanga dokotala akaletsa? Ngati matendawo ndi ochizika, munthu adikire chaka china. Ngati ndi okhalitsa, kapena ukalamba wafika posatha kupirira ulendo, Shariya imalola kutuma wina kukamuchitira Hajj ndi ndalama zomwezo. Mu madhhab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri m'Malawi amatsata, wotumidwayo akhale woti anachita kale Hajj yakeyake.