Dzuwa la M'nyumba ndi Khungu Loyera

Lero tiyeni tipite m'maganizo ku maiko ozizira a ku Ulaya, monga Britain, Germany ndi Sweden. Kumeneko, m'nyengo ya cisanu dzuwa limatuluka mocedwa ndi kulowa msanga. Azungu ambiri amaganiza kuti khungu loderapo ndilo lokongola, cotero ena amalipira ndalama kuti akaothere dzuwa lopangidwa ndi anthu.

Dzuwa limeneli ndi makina ooneka ngati bokosi lalitali lokhala ndi civundikiro. Munthu amagona m'kati mwake kwa mphindi zingapo, nyale zamagetsi zili kumuwalira pamwamba ndi pansi. Amene anachukitsa makinawa ndi Friedrich Wolff wa ku Germany, m'zaka za m'ma 1970. Nyalezo zimatulutsa ceza cosaoneka ndi maso, cochedwa ultraviolet, cimenenso cimacokera ku dzuwa lenileni.

Nanga khungu limaderanji? M'khungu mwathu muli utoto wochedwa melanini, umene uli ngati ambulera ya thupi. Ceza cija cikalowa m'khungu cimaononga tizigawo ting'onoting'ono ta m'kati mwake, ndipo thupi limafulumira kupanga melanini wina kuti lidziteteze. Motero kuderapo kumene munthuyo akukondwera nako ndi cizindikiro cakuti khungu lavulala kale.

Anthu akuda ali ndi melanini wambiri. Koma munthu woyera kwambiri, makamaka wa tsitsi lofiira ndi timadontho pankhope, ali ndi wocepa. Iye akagona m'makinamo amangofiira ndi kupsa, khungu nkumasupuka. Akabwereza kawirikawiri, khungu limacita makwinya iye akali wamng'ono, maso amaonongeka, ndipo coopsa koposa ndi khansa ya pakhungu. Mtundu wake wina, wochedwa melanoma, umafalikira m'thupi ndipo umapha.

M'caka ca 2009, akatswiri a za khansa a bungwe la World Health Organization, amene likulu lao lili ku Lyon m'dziko la France, anaika makinawa m'gulu limodzi ndi fodya, gulu la zinthu zodziwika kuti zimayambitsa khansa. Caka comweco dziko la Brazil linaletsa makinawa pa nchito yodzikongoletsera. Ku England ndi Wales, kuyambira 2011, eni malo oterewa saloledwa kulandira mwana wosakwana zaka 18. Ku Australia, zigawo zambiri zinatseka malonda amenewa mu 2015.

Mwina mukuti, "Ife kuno dzuwa tili nalo lambiri, nkhaniyi itikhudza bwanji?" Taganizani za anzathu acialubino. Khungu lao lili ndi melanini wocepa zedi, cotero dzuwa lathu la mu Okutobala limawaononga monga momwe nyale zija zimaonongera Mzungu woyera. Aphunzitsi, mwana wotere mumlole kubvala cipewa cotambalala ndi malaya a manja aatali, ndipo pa nthawi ya masewera kapena ya nchito ya kumunda wa sukulu, masana akhale pamthunzi. Mukaona cironda cosapola pakhungu pake, uzani makolo apite naye kucipatala msanga.

Ana inu, khungu limene munabadwa nalo ndi lokongola kale. Lisamaleni, ndipo musamaseke la mnzanu. Tsalani bwino.