Akamaliza kalasi 12, wothamanga wa ku Malowera amapita kuti?

Mayeso a kalasi 12 amabwera nthawi imodzi ndi mvula yoyamba. Ku Malowera, pamene makolo akuthamangira kubzala chimanga, mwana amene wakhala akupambana mipikisano ya liwiro pasukulu amakhala akutsanzikana ndi zinthu ziwiri: makope ake ndi bwalo. Za makope aliyense amazikamba. Za bwalo palibe amafunsa.

Kuno kwathu mpikisano wothamanga umakhala m'manja mwa sukulu. Masewera a ana a sukulu, amene pa Chipwitikizi timati Jogos Desportivos Escolares, amayambira pasukulu, opambana amakakumana ndi anzawo a m'boma, kenaka a chigawo chonse cha Tete, ndipo osankhidwa amakaimira chigawo pa chikondwerero cha dziko lonse. Mwana wa ku Malowera amene miyendo yake yamufikitsa ku Fingoè kapena mumzinda wa Tete wadutsa makwerero amenewa. Koma makwererowa ndi a ana a sukulu okha. Dzina likangochoka m'kaundula, palibenso womuitana. Wampira amapeza timu pamudzi uliwonse, mbuzi ikaikidwa ngati mphoto anthu amadzaza bwalo. Wothamanga alibe timu. Makalabu a masewerawa ali m'mizinda, makamaka ku Maputo, kutali ndi malire athu.

Nkhani ya Maria de Lurdes Mutola imaonetsa bwino chimene chimasowa pa nthawi imeneyi. Iye anabadwa mu 1972 ku Chamanculo, dera la anthu osauka mumzinda wa Maputo, ndipo ankasewera mpira ndi anyamata. Amene anamuona ndi mlakatuli José Craveirinha, yemwe anamupereka kwa mwana wake Stélio, katswiri wa kulumpha, kuti amuphunzitse kuthamanga. Patangopita miyezi yochepa, mu 1988, Mutola anapata mendulo ya siliva pa mpikisano wa Africa ndipo anapita ku Olimpiki ya ku Seoul ali ndi zaka 15. Kumeneko anagwa pa ndime yoyamba.

Ambiri amakumbukira golide wa ku Sydney, koma ine ndimaona kuti chaka chachikulu pa moyo wake chinali 1991. Chaka chimenecho, ndi thandizo la komiti ya Olimpiki, anatumizidwa kusukulu ya sekondale ya Springfield, m'chigawo cha Oregon ku America. Sukuluyo inasankhidwa chifukwa panali wogwira ntchito wina wolankhula Chipwitikizi, popeza mtsikanayo sankadziwa Chingerezi. Kumeneko anakumana ndi mphunzitsi Margo Jennings. Chaka chomwecho anamaliza wachinayi pa mpikisano wa dziko lonse lapansi ku Tokyo, pa mtunda wa mamita 800, ali mwana wa sukulu.

Tsono mvetsani apa. Sukulu itatha, Jennings sanamusiye. Anapitiriza kumulembera ndondomeko ya zochita, ndipo ngakhale Mutola atasamukira ku South Africa, ndondomekozo zinkamupeza pa fakisi. Zotsatira zake tikuzidziwa: golide wa dziko lapansi ku Stuttgart mu 1993, mendulo ya buronzi ku Atlanta mu 1996, ndi golide wa Olimpiki ku Sydney mu 2000, pa mphindi 1 ndi masekondi 56.15. Mpaka lero ndiye golide yekhayo wa Olimpiki amene Mozambique ili naye. Anamupeza ali ndi zaka 27, patatha zaka 12 chiyambire. Wothamanga mamita 800 sakhwima pa zaka 18. Pa msinkhu umenewo amakhala atangoyamba kumene, ndipo ndi pomwe ife timamuuza kuti zachibwana zatha, atenge khasu kapena akwatiwe.

Abale athu a tsidya la Zambia ali ndi nkhani yofanana. Samuel Matete, amene anapambana golide ku Tokyo komweko mu 1991 pa mamita 400 olumpha zotchinga, naye anakulira m'manja mwa aphunzitsi a ku koleji za ku America.

Palibe akunena kuti mwana wa ku Malowera adikire ndege. Zimene angathe kuchita zili pafupi. Choyamba ndi nthawi. Kunena kuti "amathamanga ngati gwape" sikuthandiza mphunzitsi wa kalabu amene sanamuonepo. Iye amafuna kumva mtunda ndi masekondi. Bwalo lenileni la mpikisano ndi mamita 400 kuzungulira kamodzi, choncho mamita 800 ndi kuzungulira kawiri. Mabwalo athu a mpira sakwana pamenepo, ndipo kukula kwake kumasiyana, kotero ndi bwino kuyeza ndi chingwe chodziwika kutalika kwake, kukhoma zikhomo, n'kugwiritsa ntchito wotchi ya pafoni. Nthawiyo ilembedwe m'kope pamodzi ndi tsiku lake.

Chachiwiri ndi mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi. Iye ndiye amadziwa anthu a zamasewera kuboma ndi kuchigawo, ndipo nambala yake ndi yofunika kuitenga sukulu isanatsekedwe, chifukwa aphunzitsi amasamutsidwa. Amene wakhoza bwino mayeso angaganizirenso maphunziro a uphunzitsi wa masewera omwewa, ntchito imene imamusunga munthu pabwalo uku akulandira malipiro.

Makolo nawonso ali ndi funso lomveka: m'munda alima ndani? Nyengo ya dzinja manja onse amafunika, ndipo mwana wolimba ndiye amadaliridwa. Koma kuthamanga sikudya tsiku lonse. Ola limodzi m'bandakucha, masiku anayi pa sabata, n'lokwanira kuti thupi lisaiwale mpaka zokolola zitalowa m'nkhokwe. Kwa atsikana vuto limakula, chifukwa kuthamanga yekha m'njira za kuthengo kusanache sikotetezeka, ndiponso pakamwa pa anthu sipasowa zonena. Mlongo wake akamuperekeza pa njinga, zonse ziwirizi zimachepa.