Foni Yotola ya ku Redwood City

Lero tikambirane za cinthu cotola. Kwathu kuno timakonda kunena kuti kutola si kuba, ndipo kawirikawiri mawuwa timawakamba cinthuco ciri kale m'thumba. Kuti tiwayese bwino, titenga nkhani imene inacitika ku America m'caka ca 2010, ya foni imodzi imene inafikitsa anthu kukhoti.

Kampani ya Apple, imene imapanga mafoni ochedwa iPhone, simagulitsa foni yatsopano isanayesedwe. Imayamba yapanga zocepa n'kupatsa anchito ake kuti aziyenda nazo, aone ngati zikugwira bwino nchito. Alimi tikudziwa kuti mbewu yatsopano ya cimanga imayamba yayesedwa m'munda isanafike m'sitolo, ndipo n'cimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti foni yoyesedwayo imabisidwa kwambiri, kuopa kuti makampani ena angaone mapangidwe ake. Iyi anaiveka cikuto coti izioneka ngati iPhone 3GS, imene inali kale pamsika.

M'mwezi wa March caka cimeneco, injiniya wina wacinyamata wa ku Apple anaiwala foni yotereyi pamalo omwera mowa mumzinda wa Redwood City, m'cigawo ca California. Dzina lake sitichula. Mnyamata wina anaitenga n'kupita nayo kunyumba. Ataiyatsa anaona dzina la mwini wake pa Facebook. Pofika m'mawa a Apple anali ataizimitsa ali kutali, moti sinagwirenso nchito. Wotolayo anacotsa cikuto cija, ndipo anazindikira kuti wagwira cinthu cimene dziko linali lisanacione. Patapita masabata angapo anaipereka kwa olemba nkhani za makina a Gizmodo, iwo n'kulipira madola 5,000.

A Gizmodo anaimasula. Anati anafuna kutsimikiza kuti si foni yacinyengo, ndipo m'kati anapezadi zizindikiro za Apple. Pa 19 April anaonetsa dziko lonse zithunzi zake: kamera yaciwiri kutsogolo, kanyali kowunikira pojambula, batire lokulirapo, ndi malo a SIM khadi yaing'ono kuposa yakale. Anthu mamiliyoni anawerenga nkhaniyo. Steve Jobs, amene anali mkulu wa Apple pa nthawiyo, anaimba yekha kupempha foni yake. A Gizmodo anayankha kuti aibweza akalandira kalata yonena kuti ndi ya Apple. Kalata inabwera, foni inabwezedwa, ndipo kalatayo anaisindikizanso monga umboni wakuti nkhani yawo inali yoona.

Nanga lamulo linati ciani? Ku California kuli lamulo la milandu, ndime 485, lokamba za zinthu zotola. Tanthauzo lake ndi ili: munthu akatola cinthu, ali ndi njira yodziwira mwini wake, koma n'kucigwiritsa nchito monga cake kapena kupatsa wina asanayesetse mokwanira kucibweza, waba. Lamuloli silifunsa ngati munathyola citseko. Limafunsa zimene munadziwa ndi zimene munacita mutadziwa. Wotola uja anali ndi dzina. Anadziwanso pamene anaitola, ndipo akanatha kuisiya kwa eni malowo, kumene mwini wake akanayambira kufunsa. Zinamveka kuti mnzake anaimbako ku nambala ya Apple yothandizira ogula, koma sanamvedwe. Kuimba kamodzi, kenako n'kukambirana mtengo, oimba milandu sanakuone ngati kuyesetsa kokwanira. M'caka ca 2011 iye ndi mnzake amene anamuthandiza kufuna ogula anaimbidwa mlandu waung'ono ndipo sanautsutse. Aliyense anapatsidwa caka cimodzi coyang'aniridwa ndi khoti, maola 40 ogwira nchito yothandiza anthu, ndi madola 250 obwezera Apple.

Ife amene timawerenga Malemba sitidabwa nalo lamulo limeneli, cifukwa ndi lakale kwambiri. Deuteronomo 22, ndime 1 mpaka 3, imakamba za ng'ombe kapena nkhosa ya mbale yosocera, bulu wake, ngakhale covala cake. Wociona saloledwa kuyang'ana kumbali. Ngati mwini wake ali kutali kapena sakudziwika, wotolayo acisunge kwawo kufikira mwini wake atabwera kudzafunsa. Taonani kuti Mose sanapatse wotola umwini. Anam'patsa nchito ya ubusa, yodyetsa ng'ombe ya wina popanda malipiro. Ndipo Levitiko 6 imaika munthu wotola cinthu n'kunama m'gulu limodzi ndi wolanda ndi wodya cikole. Ayenera kubweza conse, kuonjezapo gawo limodzi la magawo asanu, kenako n'kupita ndi nsembe kwa wansembe, pakuti walakwira Mulungu ndi mnzake yemwe.

Wina anganene kuti Apple ndi kampani yolemera, foni imodzi singaisaukitse. N'zoona, ndipo iPhone 4 itatuluka m'mwezi wa June inagulidwa kwambiri. Koma Eksodo 23 imati ngakhale ng'ombe yosocerayo ikhale ya mdani, ibwezedwe. Caputala comweco cimaletsa kukondera wosauka pamlandu, monganso cimaletsa kumupondereza. Kulemera kwa mwini cinthu sikusandutsa cinthuco kukhala cathu.

Pa kumasula foni ndi pamene tifuna kukhalitsa, cifukwa apa ambiri timadzikhululukira. Timati, “Ndinangoona cabe, ndipo ndinabweza.” Coyamba, a Apple anauza apolisi kuti foni inabwerera itaonongeka: kawaya kena kanaduka, ndipo kacitsulo kena komangira kanalowetsedwa pamalo olakwika. Koma tiyerekeze kuti inabwerera yabwinobwino. Mtengo wa foni imeneyo sunali m'galasi ndi m'zitsulo zake. Unali m'cinsinsi cake, nchito ya anthu ambiri imene eni ake anali asanakonzeke kuionetsa. Munthu akatola kalata ya mnzake, n'kuimatula, n'kuiwerenga mokweza pamsika, kenako n'kuimatanso bwino n'kukapereka, kodi wabweza? Pepala labwerera, koma cimene cinali m'kati cili m'makutu a mudzi wonse. Gawo lacisanu la Mose lingalipire ng'ombe yoonda. Cinsinsi couluka cilibe mtengo wobwezera.

Olemba nkhani ali ndi mbali yawo, ndipo tiimve. Nchito yawo ndi kuulula zimene akuluakulu afuna kubisa, ndipo dziko lopanda atolankhani olimba mtima limavunda mwakacetecete. Pa 23 April apolisi anathyola citseko ca nyumba ya mkonzi wa Gizmodo iye kulibe, n'kutenga makompyuta ake. Ambiri anadzudzula zimenezi, ena a iwo maloya, pakuti malamulo a California amateteza zolemba za mtolankhani kuti zisalandidwe mwa njira yotere. Pambuyo pake cilolezo cofufuzira cija cinacotsedwa ndipo katundu anabwezedwa. Ifenso tikuona kuti dzanja linalemera kuposa mlandu. Pomaliza, palibe wa ku Gizmodo amene anaimbidwa mlandu.

Koma kusaimbidwa mlandu ndi kusalakwa ndi zinthu ziwiri. Mtolankhani akaulula kuti mankhwala ena akupha ana, kapena kuti ndalama za cipatala zadyedwa, pali anthu amene apulumuka. Apa anapulumutsa ndani? Anthu anangodziwa m'mwezi wa April zimene akanauzidwa pa 7 June, tsiku limene Steve Jobs anaionetsa poyera. Ndiponso amene analipira madola 5,000 ankadziwa kuti wogulitsayo sindiye mwini wake. Kumudzi munthu akatibweretsera mbuzi usiku pamtengo wodabwitsa, sitifunika loya kuti atiuze cimene cikucitika. Ndipo cimatiwawa kuti anyamata awiri ndiwo anasenza cilango, pamene ogula, amene anali ndi maloya ndi ndalama, anatuluka opanda banga.

Pali cina cimene khoti silinaweruze n'komwe. A Gizmodo anasindikiza dzina ndi cithunzi ca injiniya uja, ndipo dziko lonse linamuseka. Iwo anati kumuchula kudzamuteteza kuti asacotsedwe nchito mwakabisira. Kaya anali ndi mtima wotani, mnyamatayo sanafunsidwe. Iye sanabe, sananame, anangoiwala monga tonse timaiwalira cipewa pamaliro. Ife amene tinaphunzitsapo ana tikudziwa kuti mwana wotaya buku amakhala atalangidwa kale ndi mantha asanafike kwa aphunzitsi, ndipo kumuimika pamaso pa sukulu yonse sikubweza buku.

Palibe wa ife amene adzatola foni yacinsinsi ya Apple. Koma foni wamba timazitola: pamsika, pacigayo, m'basi, pamzere wolandira feteleza, ngakhale pabenchi la m'chalichi. Ndipo zimene anacita aja timazicita m'njira yathu. Kucotsa SIM khadi n'kuitaya m'thengo ndiko kutseka pakamwa mwini wake kuti asaitane cinthu cake. Kupita nayo kwa wokonza mafoni kuti afafanize zonse ndiko kufuta cizindikiro pa ng'ombe ya wina, ndipo wokonzayo akalandira ndalama osafunsa walowa nawo mlandu. Kuwerenga mauthenga ndi kuona zithunzi ndiko kumasula kuja, ngakhale sitinagwire sipanala. M'kafoni kakang'ono ka mayi wamasiye muli nambala ya mwana wake wa ku Lusaka kapena ku Kitwe, muli ndalama zimene anatumiziridwa zogulira mbewu, mwina mulinso uthenga wa kucipatala umene sanauze munthu aliyense.

Foni ili ndi ubwino umene ng'ombe ya m'masiku a Mose inalibe: mwini wake amatha kuiitana. Tikaitola tisaizimitse. Ikalira tiyankhe, tinene pamene tili. Ngati tiyenera kuitsegula, tifune nambala imodzi yokha, ya “Amayi” kapena ya amene anaimba komaliza, tisapitirire pamenepo. Batire likatha tisanamve kanthu, tiipereke kwa anyakwawa, kwa apolisi, kapena kwa akulu a mpingo kuti ilengezedwe pa Sondo pa nthawi ya zidziwitso. Wobwera kudzaitenga achule mtundu wake ndi nambala yake, ndipo pakhale mboni ziwiri pomupatsa.