Ndudu imakola anthu ambiri kuposa heroin

Makolo ambiri akamaopera ana awo amatchula chamba, ena cocaine amene amangomumva pa wailesi. Ndudu yogula imodziimodzi pa okala palibe amene amada nayo nkhawa, koma ine ndiyo imandidetsa nkhawa kwambiri.

Mu 1994 ofufuza a ku America, motsogozedwa ndi James Anthony, adatulutsa zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 8,000 a zaka 15 mpaka 54. Ankafuna kudziwa kuti mwa anthu amene adalawapo chinthu, ndi angati adafika polephera kuchisiya. Mwa anthu 100 alionse amene adasutapo fodya, 32 adakodwa. Heroin adakola 23, cocaine 17, mowa 15, ndipo chamba 9.

Fodya amaposa zinzake chifukwa cha liwiro ndi kubwereza. Munthu akakoka utsi, nicotine amadutsa m'mapapo n'kufika ku ubongo m'masekondi ochepa chabe. Kumeneko amatulutsa dopamine, amene amauza thupi kuti chimenechi n'chabwino, chitanso. Wosuta paketi ya ndudu 20 amakoka utsi pafupifupi ka 200 pa tsiku, ndipo ulendo uliwonse ubongo ukuphunzira. Nicotine akachepa m'magazi chibaba chimayamba: munthu amakwiya msanga, maganizo sakhazikika, tulo timavuta. Mankhwala ake ali pafupi, otchipa, ndipo palibe wapolisi amene angamugwire.

Pasapezeke wonena kuti ndiye chamba n'chabwino. Kwa amene amayamba chamba ali achinyamata, mmodzi mwa 6 alionse amakodwa, chifukwa ubongo umakhala usanakhwime mpaka cha m'ma zaka 25. Ndiponso kukola n'kwina, kupha n'kwina. Heroin akachuluka amaimitsa mpweya tsiku lomwelo. Chidakwa cha kachasu chikasiya mwadzidzidzi chikhoza kunjenjemera, kukomoka, ngakhale kufa, n'chifukwa chake chiyenera kusiyira m'manja mwa achipatala. Koma fodya amapha mwakachetechete. Bungwe la WHO limati amapha mpaka theka la osuta amene sasiya.

Mtundu nawo uli ndi mbali yake: kafukufuku wa mapasa amaonetsa kuti pafupifupi theka la chiopsezo chokodwa limachokera kwa makolo. Ichi sitingachisinthe. Chimene tingasinthe ndi msinkhu umene mwana amakokera utsi woyamba.

Kumudzi timatumabe mwana kuti akatiyatsire chingambwe kumoto, ndipo kuti chisazime panjira amayamba wakokako. Abambo ndi agogo, fodya wanu kayatseni nokha, mwana musamutume.