Kachitsulo kotchedwa nipo

Mwezi wa Seputembala chaka chatha, tomato wa m'dimba la malume anga kufupi ndi Nathenje anakhala masiku awiri osathiriridwa. Pampu ya sola inali bwinobwino, chitsime chinali ndi madzi. Chinasowa ndi kachitsulo kochepera chala chachikulu, kolumikiza geti valavu ku thanki. Mnyamata amene anamutuma ku hadiweya anangoti, "Ndipatseni kolumikizira mapaipi," n'kubwera ndi soketi. Pulambala ankafuna nipo.

Ziwirizi mumazipeza m'katoni imodzi, koma ntchito zake n'zosiyana. Nipo ndi kapaipi kakafupi kokhala ndi mazinga kunja mbali zonse ziwiri, ndipo apulambala amati n'kachimuna. Soketi mazinga ake ali m'kati, imeneyo ndi yachikazi. Tsono valavu ndi potulukira madzi pa thanki ya malume zonse zinali za mazinga a m'kati. Zikanakumana bwanji popanda nipo pakati?

Nipo nazonso zili m'mitundu. Ina ili ndi makona 6 pakati, pogwira sipanala. Ina ndi yotalikirapo, yosalala pakati, imafuna bobojani. Palinso ina ya mazinga okhaokha mbali yonse, ndipo imeneyi ine sindiikonda, chifukwa ukaimanga, pomasula umaphwanya mazinga. Elibo imakhotetsa paipi, tii imagawa madzi pawiri, bushi imakumanitsa chachikulu ndi chaching'ono. Koma yuniyoni, imene anthu ambiri amaidumpha pofuna kupulumutsa ndalama, ndimapempha aliyense kuti agule. Pampu ikafa, umangomasula nati yake n'kunyamula pampuyo, osadula paipi. M'mafakitale a shuga ku Dwangwa ndi ku Nchalo, kumene mapaipi ndi aakulu, ntchito yotereyi imagwiridwa ndi chidutswa chomanga ndi mabawuti mbali zonse ziwiri, dzina lake spool.

Kwathu ku Mitundu, mikangano yambiri imene ndamva pa kauntala ya hadiweya ndi ya miyezo. Mapaipi achitsulo timawatchula m'mainchi, pomwe a PVC amalembedwa m'mamilimita, ndipo iwo amayezedwa kunja. Hafu inchi yachitsulo imayenda ndi PVC ya 20 mm, ya 3/4 imayenda ndi ya 25, ya inchi imodzi ndi ya 32. Chosokoneza n'chakuti hafu inchi yomweyo ena amailemba kuti 15 mm, potengera bowo lake.

Mazinga nawonso ali ndi kwawo. Amene tinazolowera kuno ndi a BSP, ochokera ku muyezo umene Joseph Whitworth anakonza ku Britain mu 1841, ndipo mano ake amapanga ngodya ya madigiri 55. A ku America, otchedwa NPT, ndi madigiri 60. Pa hafu inchi zimalowana ndithu, munthu n'kumati zatheka, koma madzi amangodontha. Apa m'pamene ena amakulungapo jumbo kapena mphira ya chubu. Thiredi tepi yeniyeni si yodula, bola kuikulunga motsatira mmene mazinga akulowera kuti isamasuke pomanga.

Tsiku lachitatu malume anapita okha ku hadiweya, valavu ili m'thumba la jekete. Anayesera nipo pa kauntala pomwepo, ikulowa bwino, ndipo anagula ziwiri pamodzi ndi yuniyoni. Madzi anafika m'dimba dzuwa litapendeka. Mizere ya kumunsi inatsitsimuka usiku womwewo, koma ya kumtunda maluwa anali atayoyoka kale.